Masiku Asanu Boila Yathu Ili Chete

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Leicester, a ku Nottingham ndi kwina konse kumene uthengawu ukupezeni, landirani moni wanga. Ndine Bambo Kamwendo wa ku Beaumont Leys, mkulu uja amayenda ndi chikwama cha mapepala ngakhale popita ku ukwati. Lamulungu lapitali abusa anandipatsa mphindi zitatu zoti ndichitire umboni, ndipo ndisanafike ndi pakati pomwe oyimba anali atayamba kale kugwedeza zisekese. N'chifukwa chake ndalemba. Ndinene poyambirira kuti mtima wanga sunaphwe. Ambuye anatipulumutsa, koma mkwiyo sanandichotsere wonse, ndipo ndikuona ngati anausiya dala.

Vuto linali ili: boila ya m'nyumba mwathu, makina a gasi otenthetsa nyumba ndi madzi, inaleka kuyaka chisanu chili pachimake, mayi a kunyumba, Anachisale, atangotuluka m'chipatala. Anagonako masabata awiri chifukwa cha chibayo. Powatulutsa Loweruka, dokotala ananenetsa kuti mankhwala achita mbali yawo, chotsala n'choti mayiwa azikhala pofunda. Tinali ndi chimwemwe china chifukwa akulu awo, a Esinati, anali atangofika kuchokera ku Ntcheu kudzawadwazika, ndipo kanali koyamba kuti atuluke m'dziko. Lamulungu ine ndili ku tchalitchi, alamu angawa anakolopa khitchini yonse mpaka inanunkhira ngati nyumba yatsopano. Ndinawayamika kwambiri.

Lolemba m'mawa ndinadzuka mphuno ikuwawa. Ndinagwira chitsulo chotenthetsa m'chipinda, chili zii ngati mwala wa m'madzi. Kumpopi madzi otentha kunalibe. Boila yathu ili m'kabati, m'mwamba pafupi ndi bafa. Nditatsegula kabatiyo ndinapeza kagalasi ka boilayo koonetsa manambala kali bii.

Sindine munthu wothamangira foni. Kumudzi ndinagwira ntchito ya ukalaliki zaka zambiri, m'chipinda chosungira mafayilo, ndipo ndinaphunzira kuti usanaloze munthu chala uyambe waonetsetsa mbali yako. Ndinatenga kabuku ka boila m'fayilo yachitatu, ya zinthu za m'nyumba, n'kutsata zonse zimene kananena. Ndinayatsa mbaula ya gasi kukhitchini, inayaka bwinobwino, ndiye kuti gasi analipo. Ndinapita pa bokosi la magetsi pansi pa masitepe, timaswitchi tonse tinali m'malo mwake. Kachipangizo ka pakhoma koyezera kutentha ndinakaikira mabatire atsopano. Singano yoonetsa mphamvu ya madzi inali pamalo obiriwira. Batani loyambitsiranso ndinalidina katatu, ndikuwerenga mpaka khumi monga kabuku kanenera. Pomaliza kabukuko kanati ngati kagalasi kali bii, onani switchi ya boilayo. Ndinafunafuna m'kabatimo ndi tochi, m'mwamba ndi pansi, kunja kwake ndi m'bafa, switchi osaiona. Ndinatsimikiza kuti china chake chapsa m'kati. Kutsegula boila si ntchito yanga, imeneyo ndi ya anthu a ziphaso, choncho ndinaimbira ofesi imene imayang'anira nyumbayi m'malo mwa eni ake.

Zimene zinachitika kuyambira pamenepo zili m'kope langa, nthawi yake ndi dzina la aliyense amene ndinalankhula naye. Mainawo sindiwalemba pano, koma alipo. Lolemba anandimvetsera nyimbo kwa theka la ola, kenako mayi wina anati nkhani yanga ailemba. Ndinafotokoza kuti m'nyumba muli wodwala chibayo, nayenso anati zimenezonso wazilemba. Lachiwiri anati mmisiri abwera m'mawa. Ndinakhala pazenera nditavala jekete kuyambira m'mawa mpaka dzuwa linapendeka, palibe anagogoda. Lachitatu kunabwera meseji pafoni yonena kuti mmisiri anafika koma sanapeze munthu pakhomo.

Abale anga, taganizani. M'nyumba munali anthu atatu. Mmodzi sangathe kutsika masitepe, wina sadziwa ngakhale pokwerera basi, wachitatu ndine, maso ali pamsewu tsiku lonse. Munthu anakhala pansi n'kulemba bodza limeneli mtima uli m'malo, mwina akumwa tiyi wotentha. Chimene chinandipweteka kwambiri n'choti Anachisale agwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'nyumba zosamalira okalamba za mumzinda uno. Ankandiuza kuti asanagwire gogo aliyense pomusambitsa, ankayamba aviika manja awo m'madzi ofunda kuti gogoyo asadzidzimuke. Msana wawo unathera pamenepo, kunyamula makolo a anthu ena. Tsono tsiku limenelo iwo akunjenjemera pansi pa mabulangeti anayi, ndipo wina akuti pakhomo panalibe munthu.

Lachinayi ndinaimbanso, ndipo sindibisa, ndinakweza mawu. Amene anayankha anati ndikapitiriza kulankhula choncho adula foni. Kenako anandifunsa ngati tayesa kuvala zovala zambiri. Ndinalemba funso limenelo m'kope liwu ndi liwu, ndipo aliyense akhoza kuona pamene cholembera chinaboola pepala.

Masiku onsewo tinkadalira kahita kamodzi ka magetsi kamene anatibwereka mlongo wina wa ku mpingo. Kankafunditsa mbali imodzi ya bedi basi. Madzi osamba tinkawiritsa m'ketulo n'kukwera nawo masitepe. Makoma anayamba kuchita thukuta, ndipo chifuwa cha Anachisale chinayambiranso kulira ngati chitseko cha dzimbiri.

Mkwiyo ukasowa kopita umaluma a pafupi. Tsiku lina a Esinati anandipeza pa masitepe n'kunena motsitsa mawu kuti, “Alamu, kodi kuno makala sapezeka? Tikanangosonkha kambaula m'chipindamo.” Ndinawakalipira. Zoona, makala m'nyumba zotsekeka ngati zino amapha, ndipo aliyense wowerenga asayerekeze n'komwe. Koma ndikanatha kunena zimenezi mwaulemu. Ine ndinati kuno si ku Ntcheu, zinthu za m'nyumba muno azisiye kwa amene akuzidziwa. Mayi wamkulu, mkulu wa mkazi wanga, amene kwathu ndimayenera kumupatsa ulemu ngati apongozi. Kuyambira pamenepo ankangoyenda chakumbali ngati mthunzi, atavala majekete awiri pamwamba pa chitenje. Ndipo ine masiku onsewa sindinawafunse kanthu kalikonse kokhudza nyumbayi. Mukudziwa mmene tinakulira: chinthu chikaonongeka pakhomo mlendo safunsidwa, chifukwa kumufunsa n'chimodzimodzi kumuuza kuti apakire.

Lachinayi lomwelo masana kunabwera nesi woyendera odwala m'makomo. Jekete lake sanavule. Anamvetsera chifuwa cha mayiwa, n'kuyang'ana manambala pa kachipangizo ka pakhoma kaja, kenako anandiitanira panja pa chipinda. Anati abweranso mawa lake fo koloko, ndipo akapeza nyumba ili chimodzimodzi aitana ambulansi kuti mayi abwerere kuchipatala. Sindimunena nesiyo, ankachita ntchito yake. Koma Anachisale anamva. Atachoka nesi anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Bambo, mayi amene anali pa bedi loyandikana ndi langa anamukokera makatani ine ndikuona. Ndikabwererako sindidzatulukako.” Pa zaka makumi anayi za banja lathu sindinawamvepo akulankhula chotero.

Lachisanu m'mawa amayi awiriwa anayamba kupemphera m'chipinda, a Esinati akutsogolera nyimbo ndi mawu otsika. Anandiitana, ndinakana. Ndinali pa tebulo ndikulemba kalata ya madandaulo, masamba atatu. Ine mkulu wa mpingo, amene ndimauza ena kuti asataye mtima, ndinalibe mawu opita kwa Mulungu. Amene anatuluka anali aukali. Ndinati, Ambuye, mwaona zonse, inu simufunika kope. Mkazi uyu wakutumikirani ndi manja ake. Ngati mwaganiza zomutenga mutengeni inu, koma musalole kuti aphedwe ndi ulesi wa munthu wa mu ofesi. Sindinanene ameni.

Pofuna kulimbitsa kalata ija, ndinatulutsa mapepala oyezera gasi. Amene mumachita lendi mukudziwa kuti chaka ndi chaka mmisiri amabwera kudzayeza boila n'kusiya pepala. Ambiri mumataya kapena kuyalira m'dirowa. Ine ndili nawo onse asanu ndi anayi, aliyense m'kathumba ka pulasitiki. Ndikuwayala pa tebulo ndinaona kuti anayi oyambirira anasainidwa ndi munthu mmodzi, ofesi ija isanayambe kutumiza makampani osinthasintha. Pansi pa siginecha panali nambala ya foni yolembedwa pamanja. Munthuyo sindinakumanepo naye, chifukwa nthawi imeneyo ankabwera ine ndili ku shifiti ndipo ankalowa ndi kiyi wa ku ofesi.

Ndinaimba ndisakuyembekezera chilichonse. Anayankha mawu a munthu wachikulire, ndipo tinayamba m'Chingerezi. Anati anapuma pantchito, zida anapatsa mphwake. Ndinapepesa, n'kutchula dzina langa kuti adziwe amene wamusokoneza. Kenako ndinamva m'Chichewa, “Kamwendo? Kwanu n'kuti, achimwene?”

Ndinayang'ana foni ngati yalakwitsa. Anali a Ibrahimu, Mmwenye wobadwira ku Limbe, kumene bambo awo anali ndi sitolo ya nsalu. Anachokako ali mnyamata ndipo tsopano amakhala ku Spinney Hill. Chichewa chawo n'chakale, chokhotakhota pang'ono, koma n'Chichewa. Nditawafotokozera za wodwala ndi za fo koloko anati, “Pepani kwambiri. Panopa ndikupita ku mzikiti. Tikangomaliza swala ndikwera basi, musadandaule.” Ndivomere pamaso panu kuti ku Spinney Hill ndakhala ndikupitako zaka zonsezi kukagula nyama ndi nsomba, koma sindinaganizepo kuti ena mwa akuluakulu a ndevu amene ndimapingana nawo m'misewu imeneyo anamwa madzi amodzi ndi ine. Ndinapempha thandizo kwa Ambuye wanga mwaukali, ndipo thandizolo linati lidzere kaye ku mzikiti. Amene akufuna kutsutsana ndi zimenezi akatsutsane ndi Mwini wake.

Anafika itangodutsa thu koloko, bambo wamfupi wa ndodo, opanda chida chilichonse. Ndinafuna kuwatsogolera m'mwamba kumene kuli boila, koma iwo anaima m'khitchini n'kumayang'ana makoma. Anayang'ana soketi ya ketulo, ya maikulowevu, kenako anasuzumira pabalaza pamene pali TV. A Esinati anali ataima pakona, manja ali m'jekete.

“Moni amayi. Mwafika liti kuno kozizira?”

“Sabata yathayi, bambo.”

“Kumudzi magetsi akuthimathimabe?”

“Eee, musanene. Ndiye akamabwera amabwera ndi ukali. Chaka chatha anandiotchera wailesi ndi firiji tsiku limodzi.”

“Ndiye inu chilichonse mumazimitsa pakhoma?”

“Chilichonse. Kusiya choyaka n'kuitana tsoka.”

“Nanga kuseri kwa firijiku munafikako?”

A Esinati anati anafikako Lamulungu pokolopa, chifukwa kunali fumbi loti munthu n'kudzalapo chimanga. Anati pakhoma kumeneko anapeza switchi ya kagetsi kofiira, kakungoyaka popanda chingwe chilichonse cholowapo, n'kuona kuti kakungodya magetsi a alamu awo pachabe.

A Ibrahimu anaseka mpaka kugwira tebulo. Tinakankha firiji, ndipo switchi inali pamenepo, m'munsi, pamalo amene ine pa zaka zisanu ndi zinayi sindinayang'anepo. Anaidina ndi nsonga ya ndodo, kagetsi kofiira kanayaka. M'mwamba tinamva boila ikutsokomola, kenako kuyamba kung'ung'udza, ndipo mapaipi anayamba kugogoda m'makoma. Mawu amenewo sindidzawaiwala. A Ibrahimu anati boila imatentha ndi gasi koma imaganiza ndi magetsi, ndipo amene anamanga nyumbayi anaika switchi yake pamalo opanda nzeru. Anati pa ntchito yawo anaziona kangapo: kukabadwa mwana, agogo n'kubwera kuchokera kwathu kudzathandiza, sabata yomweyo foni yawo inkalira.

Ine sindinaseke. A Esinati anali atagwada pansi pa simenti yozizira ya m'khitchinimo, akulira, akuti, “Alamu, ndikanapha mng'ono wanga ndi manja anga.” Sankadziwa kuti chinthu cha gasi chimafuna magetsi, ndipo akanadziwira kuti? Mwina akanatchula za kagetsi kaja masiku apitawo, koma ndani anawatseka pakamwa? Ndine. Ndinagwada nanenso, maondo okalambawa akulira, n'kuwauza kuti iwo anachita zimene moyo unawaphunzitsa, wolakwa ndi amene anawakalipira.

Manyazi anga sanathere pomwepo. A Ibrahimu anaona mapepala ndinayala pa tebulo aja, n'kuzindikira siginecha yawo. Anasolola loyamba m'kathumba kake n'kulitembenuza. Kuseri kunali zolemba zawo za bolopeni, zonena kuti switchi ya boila ili kuseri kwa firiji ndipo isazimitsidwe. Ndinasunga pepala limeneli zaka zisanu ndi zinayi, loyera, losapindika, koma ndinaliika chogundana msana ndi lendi agirimenti m'kathumba kamodzi. Kuseri kwake sindinakuonepo.

Anakhala nafe mpaka zitsulo zonse zitatentha, akuyenda chipinda ndi chipinda kuzigwira ndi chikhatho. Anapatsa moni Anachisale ataima pakhomo la chipinda n'kuwauza kuti achire msanga. Nditafuna kuwathokoza ndi kangachepe anakana, n'kutembenukira kwa a Esinati: “Amayi, kapena m'chikwama munabisamo kambuzi?” Analimo. Ananyamuka ndi kabotolo ka tsabola ndi mtedza wa ku Ntcheu, akununkhiza ngati mwana.

Fo koloko nesi anafika. Atalowa anaima, n'kuvula jekete lake n'kulikoloweka pa mpando. Anamvetsera chifuwa, anayeza zoyeza zake, n'kunena kuti mayi akhoza kukhala pakhomo. Ambulansi sinaitanidwe. Lero Anachisale akutsika okha masitepe ndipo ayambiranso kundidzudzula za mapepala odzaza pa tebulo lodyera.

Ena mwa inu munena kuti tsono Bambo Kamwendo akwiyiranji, popeza vuto linali la m'nyumba mwawo momwe. Ndikuyankheni. Mkulu wopuma pantchito, wa ndodo, anafunika mafunso anayi okha. Ofesi imene ntchito yake n'kuyang'anira nyumbayi inali ndi masiku asanu, ndipo funso lokhalo linatuluka kumeneko linali la zovala. Ali ndi mapepala omwewa amene ndili nawo ine. Anauzidwa kuti m'nyumba muli wodwala, analemba, n'kusiya. Ananama kuti pakhomo panalibe munthu. Mmisiri wawo anadzagogoda Lachitatu la sabata yotsatira, tsiku lakhumi, akufunsa kuti boila yavuta pati. Ikanakhala kuti yapsadi, bwenzi tikuimba nyimbo zina pano. Kalata ija ndinaitumiza, ndipo ndinawonjezeramo tsamba lachinayi lovomera za switchi, chifukwa sindikufuna kupambana ndi bodza ngati iwo. Sindinaitumize chifukwa cha ine ndekha. Alipo abale athu m'zipinda za lendi kuno ndi ku Hyson Green ku Nottingham amene nkhani zawo za mapepala okhalira m'dziko muno sizinathe, amene amaopa ngakhale kuimba foni kachiwiri. Amenewo akauzidwa kuti avale zovala zambiri, amavaladi n'kukhala chete. Amene ali m'vuto lotere andipeze tikatuluka m'tchalitchi, tidzalembera limodzi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lopanda ameni. Yankho lake anali atalikonza zaka zisanu ndi zinayi ine ndisanapemphe, n'kuliika m'fayilo yanga yomwe, ndipo ataona kuti sinditembenuza pepala anatumiza mwini zolembazo pa basi. Ndikuthokoza a Ibrahimu, mlongo wa kahita uja, ndi alamu anga amene anandikhululukira.

Inu amene muli m'kati mwa kuzizira kwanu, kaya ndi kwa mtundu wanji, musaleke kugogoda. Pempherani ngakhale mawu atatuluka okhakhala, Iye sadula foni. Mapepala anu sungani, ndipo muziwatembenuza. Mlendo akabwera kuchokera kumudzi, musanamuonetse tauni muyambe mwamuonetsa nyumba, ndipo zinthu zikavuta mufunseni mwaulemu, chifukwa naye ali ndi maso.

A Esinati akadali nafe. TV ndi ketulo akuzimitsabe pakhoma, ndipo ine ndasiya kulankhulapo. Koma kuseri kwa firiji ndinamatako pepala, lolembedwa ndi dzanja langa m'zilembo zikuluzikulu: OSAZIMITSA. Pa mapepala onse a m'nyumba muno, ndi lokhalo limene silili m'fayilo.

Ambuye akufunditseni nonse.